Bwato Likagubuduzika Pamalire a Mayiko Atatu: Mbiri ya Kupulumutsana pa Zambezi, Kumunsi kwa Guruve

Mawu oyamba

Munthu wochoka m'tauni ya Guruve, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kulunjika kumpoto, amayamba wadutsa minda ikuluikulu yomwe kale inali mafamu a fodya a azungu, kenaka amatsika chitunda kulowa m'chigwa chotentha cha Dande. Msewu wake umakathera pa Kanyemba, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Harare. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli boma la Luangwa, m'dziko la Zambia, lomwe kale linkatchedwa Feira. Chakumunsi pang'ono, kuseri kwa pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Chigwa chonsechi chinali mbali ya boma la Guruve kufikira m'zaka za m'ma 2000 pomwe chinapatulidwa n'kukhala boma la Mbire, lomwe likulu lake lili ku Mushumbi Pools.

Pamalo amenewa palibe mlatho. Wopita kumsika, kuchipatala, kumaliro kapena kukaona abale kutsidya amakwera bwato. Tsono bwato likagubuduzika pakati pa Kanyemba ndi Luangwa, kaya chifukwa cha mphepo, mvuu kapena kuchuluka kwa katundu, ngoziyo imachitikira pamzere wolekanitsa Zimbabwe ndi Zambia, pomwe madzi amakokera anthu ndi katundu wawo ku Mozambique. Nkhani ino ikulondola mbiri ya funso lomwe limabuka pa nthawi yotereyi: kodi udindo wopulumutsa ndi wa yani? Ikusonyeza kuti maboma olamulira gombe lililonse akhala akugwirizana pa zinthu zambiri zokhudza mtsinjewu, monga antchito, magetsi, madzi ndi nyama zakutchire, koma moyo wa munthu wa m'bwato ndiwo wakhala ukubwera pambuyo pa zonsezo.

Mtsinje malire asanabwere

Zumbo anakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 ngati msika wa amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa, omwe ankagula golide ndi minyanga ya njovu. Malondawo ankadalira Achikunda, omwe poyamba anali asilikali aukapolo a m'minda ya Apwitikizi ya m'chigwa cha Zambezi, koma pambuyo pake anatchuka ngati alenje a njovu, amtengatenga ndi opalasa mabwato. Allen ndi Barbara Isaacman, m'buku lawo la 2004 lotchedwa Slavery and Beyond, akufotokoza momwe luso la pamadzi linasandukira gawo la chizindikiro cha mtundu umenewu. Dzina loti Kanyemba nalonso linachokera kwa mtsogoleri wina wa magulu a Achikunda, José do Rosário Andrade, yemwe anamanga linga lake m'derali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo ankaopedwa chifukwa cha nkhanza ndi malonda a akapolo.

Nthawi imeneyo sinali ya mtendere ayi, koma mtsinje unali ndi eni ake odziwika. Mlendo sankaoloka popanda chilolezo cha mfumu ya padoko ndi nkhafi za anthu ake. Mu Januwale 1856 David Livingstone atafika pothira Luangwa, m'dziko la mfumu Mburuma, anabwerekedwa bwato limodzi lokha, ndipo gulu lake linaoloka pang'onopang'ono ali ndi mantha. Mu 1860, potsika ndi mtsinje, mabwato a gulu lake anakumana ndi mathithi a Kebrabasa, ndipo John Kirk anapulumukira mkamwa mwa mbuzi bwato lake litagubuduzika, zolemba ndi zojambula zake n'kupita ndi madzi. Ngakhale alendo okhala ndi mfuti ndi makalata a maboma a ku Ulaya ankaika moyo wawo m'manja mwa anthu odziwa pomwe pali mwala, pomwe madzi amazungulira ndi pomwe mvuu zimagona. Woolotsa ndiye analinso wopulumutsa, ndipo magombe onse awiri anali m'dera limodzi la chibale, chiyankhulo ndi malonda.

Mzere wa 1891

Pa 11 Juni 1891 Britain ndi Portugal anasayinirana pangano logawana dera lino la Africa. Panganolo linati malire atsate mtsinje wa Luangwa kufika pomwe umathira mu Zambezi, ndipo kuchokera pamenepo alunjike kumwera m'tchire la Dande. Gombe la kumpoto ndi la kumwera, kumtunda kwa pothirapo, onse anagwa m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, koma ankalamulidwa padera: kumpoto kunadzakhala Northern Rhodesia, kumwera Southern Rhodesia. Motero mudzi umodzi wa pamadzi unagawidwa patatu. Kanyemba ankayang'aniridwa ndi bwanamkubwa wa ku Sipolilo, dzina lakale la Guruve lomwe linasinthidwa mu 1982. Feira anali ndi boma lake. Zumbo ankamvera Tete.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti malo atatuwa, omwe amaonana ndi maso, aliyense anasanduka mathero a dziko lake. Kwa wa ku Salisbury, wa ku Lusaka ndi wa ku Lourenço Marques, kuno kunali kutali, kotentha, kwa tsetse ndi malungo. Zipatala zikuluzikulu, apolisi ochuluka ndi zipangizo zinaikidwa kumtunda komwe kunali azungu ndi chuma. Uthenga wa boma wochoka ku Kanyemba kupita ku Zumbo, mtunda woti munthu n'kupalasa m'mawa umodzi, mwalamulo unkayenera kukwera kaye kulikulu, kuoloka pakati pa maboma awiri a atsamunda, kusinthidwa kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chipwitikizi, n'kutsikanso.

Doko la matchona

Chinthu choyamba chomwe chinachititsa maboma kuganizira za chitetezo cha anthu ooloka pano chinali njala ya antchito. Migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia ankadalira amuna ochokera ku Nyasaland, kummawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, akufotokoza za maulendo a pansi a anthu amenewa, omwe ankatenga masabata ambiri, ndi momwe olemba anthu ntchito mokakamiza ankawadikirira pamadoko a Zambezi. Doko la Feira linali limodzi mwa madoko amenewo, ndipo wooloka pamenepo ankadutsa Dande n'kukwera chitunda kukatulukira ku Sipolilo.

Mu 1935 komiti ya Travers Lacey ku Nyasaland inadandaula za midzi yotsala ndi amayi ndi nkhalamba zokha chifukwa cha matchona. Chaka chotsatira, mu 1936, maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana ku Salisbury za kayendetsedwe ka antchito oyendayenda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa mtengatenga wosalipiritsa, wa malole, mabwato ndi misasa yogawirako chakudya, womwe apaulendo anautcha dzina la Chichewa loti Ulere. Uwu unali mgwirizano weniweni wa maboma oyandikana, ndipo unapulumutsa ambiri ku njala, zilombo ndi madzi. Komabe cholinga chake chinali chakuti wantchito afike wamoyo pafamu. Mayi wa Chikunda wopita kukapepesa maliro kutsidya sanali m'kaundula wa Ulere.

Ana ndi zidzukulu za apaulendo aja ndiwo anadzaza makomboni a mafamu a ku Guruve, Mvurwi ndi Centenary, komwe Chichewa chinkamveka madzulo ndipo gule wamkulu ankavinidwa pamaliro. Pa Tengenenge, mudzi wa osema miyala womwe Tom Blomefield anayambitsa mu 1966 pafamu yake ya fodya kufupi ndi Guruve, ambiri mwa osema oyambirira anali antchito ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Choncho kwa Amalawi a ku Mashonaland, madoko a Zambezi si nkhani ya eni dera okha. Ndi khomo lomwe ena mwa makolo awo analowera.

Madamu ndi nkhondo

Mgwirizano wachiwiri unabwera ndi magetsi. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa. Ntchito yotchuka yopulumutsa zamoyo ndi mabwato pa Zambezi m'zaka zimenezo inali Operation Noah, yomwe kumbali ya kumwera inatsogozedwa ndi Rupert Fothergill ndipo inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pazilumba zomwe madzi ankamiza. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, damulo linaperekedwa ku bungwe la mayiko awiri la Central African Power Corporation, lomwe linapitiriza ntchito ngakhale pomwe Zambia ndi boma la Ian Smith anali pachidani, ndipo mu 1987 linalowedwa m'malo ndi Zambezi River Authority. Kumunsi, Apwitikizi anatseka damu la Cahora Bassa kumapeto kwa 1974, ndipo nyanja yake, yotalika makilomita pafupifupi 250, inabwerera m'mbuyo mpaka kufika ku Zumbo.

Kuyambira pamenepo anthu a pamalire atatuwa anakhala pakati pa madamu awiri. Kale opalasa ankadziwa mwezi womwe madzi amakwera ndi womwe amaphwa. Tsopano madzi anayamba kumvera zipata zotsegulidwa ndi mainjiniya a kutali. Kariba akatsegula zipata pomwe Cahora Bassa ali wodzaza, madzi amabwerera m'mitsinje ya Manyame ndi Musengezi n'kumiza minda ya m'chigwa cha Dande ndi Muzarabani. Kuopsa kwa kusauzana kunaoneka mu 1978. Chaka chimenecho Rhodesia ndi Mozambique anali pankhondo, malire atatsekedwa kuyambira mu 1976. Madzi ochuluka ochokera ku Kariba anakakamiza oyang'anira Cahora Bassa kutsegula zipata zonse, ndipo kumunsi kwa mtsinje anthu 45 anafa, oposa 100,000 n'kusowa pokhala.

Nkhondo inasandutsa bwato chinthu chokayikitsa. Smith anatseka malire ndi Zambia mu Januwale 1973, omenyera ufulu ankaoloka Zambezi usiku, ndipo mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja, m'boma la Luangwa. David Lan, m'buku lake la 1985 lotchedwa Guns and Rain, analemba za nkhondoyi m'chigwa cha Dande. Itatha iyo, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inathawitsa anthu ambiri a ku Zumbo kupita kutsidya, kufikira pangano la mtendere la ku Rome la 1992. Kwa zaka pafupifupi 20, munthu wa yunifolomu wa gombe lina ankaona mnzake wa kutsidya ngati mdani. Chizolowezi chakuti bwato la boma siliyenera kudumpha mzere wa pakati pa madzi chinazika mizu m'nyengo imeneyi.

Malamulo atatu, mtsinje umodzi

Mtendere utabwera, dziko lililonse linakonza njira yake yothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Zimbabwe inakhazikitsa lamulo la Civil Protection Act mu 1989, lomwe limaika komiti m'boma lililonse pansi pa mkulu wa bomalo. Ntchito yosaka omira imagwiridwa ndi gulu la apolisi osambira pansi pa madzi, lomwe kawirikawiri limachita kuitanidwa kuchokera kumizinda. Zambia inatsegula nthambi ya Disaster Management and Mitigation Unit mu 1994, pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo lamulo lake linadza mu 2010. Mozambique inakhazikitsa bungwe la INGC mu 1999, lomwe tsopano limatchedwa INGD. Lililonse mwa malamulowa mphamvu yake imathera pamalire.

Ngozi za m'dziko limodzi zasonyeza kale kuti thandizo la boma limafika ntchito yopulumutsa itasanduka yovuula mitembo. Pa Khirisimasi ya 2011 ana 11 anamira pa nyanja ya Chivero, kufupi ndi Harare penipeni, bwato lodzaza mopyola muyeso litagubuduzika. Pa 24 Okutobala 2014, tsiku lomwe Zambia inkakondwerera zaka 50 za ufulu, anthu 26, ambiri mwa iwo ana a sukulu opita kuchikondwererocho, anamira pa nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe. Amalawi sanaiwale sitima ya Vipya, yomwe inamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145, panyanja yomwenso magombe ake ali m'mayiko atatu. Munthu womira ali ndi mphindi zowerengeka chabe. Ngati zinali choncho pa Chivero, nanji pa Kanyemba?

Pamalire pamaonjezereka mavuto atatu. Loyamba ndi la uthenga: woona ngozi amaimbira apolisi a dziko lake, pomwe amene ali pafupi ndi omirawo angakhale a dziko lina, a lamya za kampani ina ndi chiyankhulo china cha boma. Lachiwiri ndi la chilolezo: bwato la apolisi kapena la asilikali likaoloka malire popanda kupempha, nkhani ya chifundo itha kusanduka mlandu wa pakati pa mayiko. Lachitatu ndi la mtembo. Mtembo ukayandama patapita masiku, umapezeka kumunsi, m'dziko lomwe apolisi ake ndiwo ayenera kufufuza za imfayo, ndipo abale amafunika zikalata kuti autenge kukauika kwawo. M'chigwa chotentha chotere mtembo sudikira zikalata.

Vuto lachitatuli limalemera kwambiri pa mbadwa za antchito a m'mafamu. Chisanafike chaka cha 2000, mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe ankalemba antchito oposa 300,000, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunawachotsera ntchito ndi pokhala, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri opanda dziko lowavomereza. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe omwe kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma kupeza chiphaso kumafuna kalata ya kubadwa yomwe ambiri sanakhalepo nayo. Munthu wopanda chiphaso amaoloka mozemba, dzina lake sililembedwa padoko, ndipo akamira palibe boma lomwe limadziwa kuti lataya munthu.

Momwe madzi amanyozera malire zinaoneka poyera mu Malichi 2019, pa namondwe wa Idai. Anthu okokoloka ku Chimanimani, kummawa kwa Zimbabwe, anatengedwa ndi mitsinje kukafika ku Mozambique, komwe anthu a m'midzi anawaika m'manda asakuwadziwa maina. Mabanja ambiri anadikira zaka osalandira mafupa a abale awo. Ulemu womaliza unaperekedwa ndi alimi wamba a dziko lina, maboma asanayambe n'kukambirana komwe.

Mapangano atsopano ndi phunziro la ku nyanja ya Victoria

Sikuti maboma angokhala chete. Mayiko a SADC anasayina pangano la mitsinje yogawana mu 1995 n'kulikonzanso mu 2000. Mu 2004, ku Kasane, kunasayinidwa pangano lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM la mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi, Malawi ali momwemo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2011. Oyang'anira madamu a Kariba, Kafue ndi Cahora Bassa tsopano amakumana n'kumauzana za kuchuluka kwa madzi, ndipo chenjezo limaperekedwa zipata zisanatsegulidwe. Mu 2021 SADC inatsegula likulu loona za ngozi zikuluzikulu ku Nacala. Mu 2024 mayiko atatuwa anasayina pangano la ZIMOZA, losamalira limodzi zachilengedwe m'maboma a Mbire, Luangwa, Zumbo ndi ena oyandikana nawo. Zonsezi ndi phindu, makamaka pa madzi osefukira. Koma cholinga chachikulu cha mapanganowa ndi madzi, magetsi, njovu, nsomba ndi anamondwe. Bwato limodzi la anthu khumi ndi laling'ono kwambiri kuti ligwedeze likulu la ku Nacala.

Mbiri ya kwina imaphunzitsa kuti malamulo opulumutsa anthu pamadzi amabadwa pambuyo pa maliro. Pangano la SOLAS la 1914 linatsatira kumira kwa Titanic mu 1912, ndipo pangano la ku Hamburg la 1979 linagawa nyanja zamchere m'zigawo, chilichonse ndi likulu lake lolandira mfuu ya omira. Ku nyanja ya Victoria, sitima ya Bukoba itamira kufupi ndi Mwanza pa 21 Meyi 1996 ndi anthu mazana ambiri, Tanzania inachita kupempha akatswiri osambira pansi pa madzi ochokera kunja. Zotsatira zake, mayiko a kummawa kwa Africa anakhazikitsa lamulo limodzi la maulendo a panyanjayo mu 2007, ndipo anagwirizana zomanga likulu lotsogolera ntchito yopulumutsa ku Mwanza, lokhala ndi nthambi ku Kenya ndi ku Uganda. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono, ndipo mu 2018 sitima ya Nyerere inamiranso ndi anthu oposa 200. Komabe mfundo yake ndi yomveka: nambala imodzi yoimbira, chilolezo choperekedweratu chodumphira malire pofuna kupulumutsa moyo, ndi mtsogoleri wa ntchito wodziwika ngozi isanagwe.

Mawu otsiriza

Pa zaka zoposa 130 chilembereni mzere wa 1891, chinthu chimodzi sichinasinthe pa Kanyemba, Luangwa ndi Zumbo: woyamba kufika pomwe bwato lagubuduzika ndi msodzi. Iyeyu safunsa pasipoti. Amafuula m'Chikunda, m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, ndipo wa kutsidya amamva, poti ziyankhulo zimenezi n'zapachibale kuposa Chingerezi ndi Chipwitikizi cha m'maofesi. Mafumu a magombe atatuwa amatumizirana uthenga wa maliro monga ankachitira makolo awo. Mgwirizano womwe maboma akhala akuufunafuna m'misonkhano ya ku Harare, Lusaka ndi Maputo unalipo kale padoko.

Choncho chomwe mbiriyi ikuloza si bungwe lina lalikulu ayi, koma kuvomereza ndi kulimbikitsa zomwe zilipo: kupatsa akuluakulu a maboma a Mbire, Luangwa ndi Zumbo mphamvu yoimbirana mwachindunji, kulola bwato lopulumutsa kuoloka popanda kudikira likulu, kuphunzitsa asodzi ndi kuwapatsa majekete oyandamitsa, kulemba maina a okwera popanda kuwaopseza ndi nkhani ya ziphaso, ndi kufewetsa njira yobwezera mtembo kwawo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamalire atatuwa mwambiwu ndi wa madzi enieni: zomwe zagwa m'mawa pa gombe la Zimbabwe kapena la Zambia, pofika madzulo zimakhala zili pa gombe la Mozambique.